Mafunso ndi mayankho: ntchito yofufuza ma gene a mtima, kapangidwe kake ndi kagundidwe kake

Awa ndi mafunso amene amangobwerabwera kuchokera kwa ana asukulu amene angolemba MSCE, ophunzira biology ndi udokotala, komanso ma clinical officer amene atopa ndikuona achinyamata akungogwa opanda chifukwa chooneka. Tawaika pamodzi kuyambira osavuta mpaka ozama.

Kodi anthu amenewa kwenikweni amafufuza chani?

Mafunso awo akuluakulu ndi awiri. Loyamba, zimatheka bwanji kuti timaselo tochepa mmimba mwa mayi tisanduke mtima wa zipinda 4, ndipo chimalakwika ndi chani mwana akabadwa ndi bowo mumtima. Mtima umayamba ngati kapaipi kowongoka, umayamba kugunda pa tsiku la 22 kapena chapompo mimba itangokhala, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe nkomwe kuti ndi oyembekezera, kenako kapaipi kaja kamapindika kumanja nkuyamba kugawikana, pofika sabata ya 8 zipinda zonse zilipo. Mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100 alionse amabadwa ndi vuto la kapangidwe ka mtima, ndiye si nkhani yaing'ono ayi.

Lachiwiri ndi la magetsi. Mtima uli ndi magetsi akeake amene amayambira pa kamalo kakang'ono kotchedwa sinus node, kamene Arthur Keith ndi Martin Flack anakapeza mu 1907, ndipo magetsiwo akasokonekera mtima umathamanga, umadumphitsa, kapena umangonjenjemera osapopa magazi. Ofufuza amafuna kudziwa kuti ndi ma gene ati, kutanthauza malangizo a mu DNA amene timatengera kwa makolo, amene amachititsa kuti banja lina lizikhala ndi vutoli kuchokera kwa agogo mpaka zidzukulu.

Nanga kapangidwe ka mtima ndi kagundidwe kake si nkhani ziwiri zosiyana?

Ambiri amaganiza choncho, koma apa ndi pamene pali kukoma kwa ntchito yonseyi. Mmisiri amene amamanga makoma a nyumbayi ndi yemweyonso amakoka mawaya ake. Mu 1998 gulu la Christine ndi Jonathan Seidman ku Harvard linapeza mabanja amene gene yawo ya NKX2-5 inali yolakwika, ndipo anthu a mmabanjawo ankabadwa ndi bowo pakati pa zipinda zapamwamba, koma ngakhale madokotala atatseka bowolo, patapita zaka magetsi ochoka zipinda zapamwamba kupita zapansi ankayamba kuchedwa mpaka ena kufunika pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino. Gene imodzi, mavuto awiri. TBX5 nayonso ndi chimodzimodzi, ikalakwika mwana amabadwa ndi chala chachikulu chakumanja kapena mkono wosakhala bwino, bowo mumtima, komanso magetsi osayenda bwino, matenda ake amatchedwa Holt-Oram.

Chitsanzo chimene ine chimandisangalatsa kwambiri ndi cha PITX2. Gene imeneyi anthu ankaidziwa ngati youza thupi la mwana wosabadwa kuti kumanzere ndi uku, kumanja ndi uku. Ndiye mu 2007 kampani ya deCODE ku Iceland itafufuza anthu masauzande odwala atrial fibrillation, matenda a kunjenjemera kwa zipinda zapamwamba za mtima amene amagwira kwambiri anthu achikulire ndipo amabweretsa sitiroko, malo a DNA amene anaonekera kwambiri anali pafupi ndi PITX2 yomwe ija. Kutanthauza kuti zimene zinachitika munthu ali mmimba zimadzatulukira ali ndi zaka 70. Pano malo a DNA okhudzana ndi matendawa adziwika opitilira 100, koma ambiri mwa iwo sanafotokozedwe bwinobwino kuti amachita chani, ndipo ntchito yofotokozayo ikudikira anthu.

Long QT ndi Brugada timangomva maina, ndi matenda anji?

Selo lililonse la mnofu wa mtima lili ndi timakomo timene sodium, potassium ndi calcium zimalowera ndi kutulukira, ndipo kulowa ndi kutuluka kumeneku ndiye magetsi aja. Pa long QT timakomoti timachedwetsa mtima kubwerera mchimake ukagunda (nthawi imeneyi ndiyo imatchedwa QT pa ECG, pepala lojambula magetsi a mtima), ndiye kugunda kwina kukabwera nthawi yolakwika munthu amakomoka kapena kufa kumene. Amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 2,000. Madokotala a ku Norway, Jervell ndi Lange-Nielsen, anafotokoza mu 1957 banja la ana osamva amene ankakomoka nkumwalira, koma ma gene a long QT anadzapezeka mu 1995 ndi 1996 mu labu ya Mark Keating ku Utah: KCNH2, SCN5A ndi KCNQ1. Chodabwitsa nchakuti gene iliyonse ili ndi chodzutsa chake. A KCNQ1 amakonda kukomoka akuthamanga kapena akusambira, a KCNH2 akadzidzimuka ndi phokoso ngati alamu kapena foni usiku, komanso amayi akangobereka kumene, pamene a SCN5A zimawapeza ali mtulo.

Brugada nawonso ndi matenda a magetsi a mtima, anaufotokoza mu 1992 abale awiri, Pedro ndi Josep Brugada. Umapha kwambiri amuna usiku akugona, ndi wofala ku Thailand, Philippines ndi Japan, ndipo kutentha thupi kumatha kuudzutsa.

Chimene chimandiwawa nchakuti munthu wa long QT akakomoka amatha kuphupha ngati wakhunyu, ndiye ena amamwa mankhwala akhunyu zaka ndi zaka osajambulidwa ECG ngakhale kamodzi, chonsecho mankhwala otchipa ngati propranolol akanamuteteza. Ndipo mnyamata wathanzi akagwa pabwalo la mpira kapena akamira pamadzi osaya koma amadziwa kusambira, kumudzi tonse tikudziwa kumene zala zimaloza.

Ndiyenera kukhala dokotala kaye?

Ayi. Mma labu ambiri madokotala ndi ochepa, ambiri ndi anthu a biology, biochemistry, physics, masamu ndi kompyuta. Ubwino wa dokotala ndi woti amaona odwala ndi mabanja awo ndi maso, ndipo kafukufuku wa mtunduwu amayambira pa banja. Koma njira yake ndi yaitali, MBBS, internship, ukatswiri wa mtima kapena wa ana, kenako PhD. Ngati mtima wanu suli pa kuchiza odwala musakavutike ndi medicine pongofuna kudzachita kafukufuku.

Ndiye maphunziro ake amayenda bwanji?

Digiri yoyamba ya zaka 4 mu biology, biomedical sciences, medical laboratory, pharmacy, statistics kapena computer science. Kenako masters ya chaka chimodzi kapena ziwiri mu human genetics, molecular biology, physiology kapena bioinformatics (kusanthula DNA pa kompyuta). PhD ku Britain ndi ku South Africa imatenga zaka 3 kapena 4, ku America 5 kapena 6 chifukwa amayamba ndi makalasi. Ikatha PhD ambiri amagwira ngati postdoc mu labu ya munthu wina zaka zingapo asanayambitse gulu lawo.

Palinso njira ina imene anthu samaitchula kawirikawiri, ya genetic counselling, yofotokozera mabanja zotsatira za kuyeza DNA. Masters yake ilipo ku University of Cape Town ndi ku Wits.

Tsiku la munthu wa mu labu limakhala lotani?

Zimatengera mbali imene muli. Wa zebrafish, tinsomba ting'onoting'ono ta mu labu, madzulo amaika nsomba yaimuna ndi yaikazi mu kathanki kamodzi pakati atatchinga, mmawa magetsi akayaka amachotsa chotchinga chija, mazira amagwera pansi, iye nkuwatola msangamsanga kukawabaya CRISPR, chida chosinthira gene, ndi kasingano kagalasi selo lisanagawikane. Mawa lake akayang'ana pa microscope kamtima kayamba kale kugunda, ndipo poti kansombako nkoonekera mkati amatha kuwerenga kugunda kwake ndikuona timaselo ta magazi tikuyenda timodzitimodzi.

Wa patch clamp amakhala tsiku lonse pa tebulo losagwedezeka, akutsitsa kapaipi kagalasi kosongoka kwambiri mpaka kakhudze selo limodzi, nkuyamwa pang'ono kuti kamatirire, kenako nkuyeza magetsi odutsa pa timakomo tija. Wina akamenyetsa chitseko selo limaphulika nkuyambiranso. Masiku ena munthu amaweruka atapeza maselo abwino awiri okha ndipo amati tsiku layenda. Erwin Neher ndi Bert Sakmann analandira Nobel mu 1991 chifukwa cha njira imeneyi.

Ndiye pali wa maselo a iPS. Kuchokera pamene Shinya Yamanaka anasonyeza mu 2006 ndi 2007 kuti selo lapakhungu litha kubwezedwa kukhala ngati la mluza, ofufuza amatenga magazi kapena kachikopa ka wodwala nkubweza maselo ake chomwecho, kenako nkuyamba kuwasandutsa maselo a mtima mu mbale, ndipo kuchokera pamenepo ikatha sabata imodzi ndi masiku pang'ono mbale ija imayamba kugunda yokha. Koma maselowa sadziwa Sabata kapena Khirisimasi, amafuna kusinthiridwa chakudya, ndipo nkhungu ikalowa ntchito ya miyezi iwiri yapita. Zambiri mu labu zimakanika kuposa zimene zimatheka, amene sapirira kubwereza chinthu chomwecho kakhumi ntchito iyi imamutopetsa msanga.

Bwanji kuvutika ndi nsomba ndi mbewa mmalo mofufuza anthu?

Simungathimitse gene mwa mwana wa munthu kuti muone chichitike ndi chani. Nyama iliyonse ili ndi pake. Mtima wa mbewa uli ndi zipinda 4 ngati wathu ndiye ndi wabwino pa nkhani ya mabowo, koma umagunda ka 600 pa mphindi ndipo potassium wake amayenda mosiyana ndi wathu, choncho pa long QT mbewa imanamiza. Zebrafish ili ndi zipinda ziwiri zokha koma kagundidwe kake kayandikira ka munthu, komanso kansomba kakang'ono kamatha kukhala moyo masiku angapo mtima usakugwira ntchito chifukwa mpweya umalowera pakhungu, ndiye mutha kuphunzira vuto limene mbewa ikanafa nalo mmimba. Ken Poss anasonyezanso mu 2002 kuti mukadula kachidutswa ka mtima wa zebrafish kamameranso. Ngakhale NKX2-5 tatchula mu funso lachiwiri ija, mbale wake anayamba kupezeka mu ntchentche zazipatso, Rolf Bodmer ataona mu 1993 kuti zopanda gene imeneyo sizipanga mtima.

Masamu ndi kompyuta zimafunika kwambiri?

Kwambiri zedi, ndipo kwa munthu amene ali kutali ndi labu yodula, khomo lotseguka ndi limeneli. DNA ya munthu mmodzi ili ndi malo mamiliyoni amene ikusiyana ndi ya mnzake, ndipo kusefa kuti pa mamiliyoniwo ndi kati kamene kakupha anthu mbanja ili, ndi ntchito ya statistics ndi mapulogalamu a kompyuta monga Linux, R ndi Python. ClinVar ndi gnomAD, nkhokwe za kusiyana kwa DNA ya anthu, ndi zaulere pa intaneti. UK Biobank ili ndi anthu 500,000 ndipo ofufuza a dziko lililonse atha kupempha kugwiritsa ntchito, ngakhale pamakhala kulipira.

Azungu si anafufuza kale zonsezi? Ife tikawonjezera chani?

Funso ili limandikhudza kuposa onse. Choyamba, sizinathe. Mwa ana obadwa ndi vuto la mtima, chifukwa cha mu DNA chimapezeka mwa mmodzi pa atatu alionse basi, monga Down syndrome imene pafupifupi theka la ana ake amakhala ndi vuto la mtima, kapena kusowa kwa kachidutswa ka DNA kotchedwa 22q11. Ena ndi chifukwa cha rubella kapena shuga ya mayi, otsalawo mpaka pano ndi funso. Ndiponso zina zimene zinalembedwa kale zikufufutidwa, mu 2018 akatswiri ataunikanso ma gene 21 amene ankati amayambitsa Brugada anapeza kuti umboni wokwanira uli pa SCN5A yokha.

Chachiwiri ndi ichi. Anthu a ku Africa ndi amene DNA yawo ili yosiyanasiyana kuposa anthu ena onse padziko, koma mu kafukufuku wamkulu wa ma gene, anthu ochokera ku Africa ndi pafupifupi 2 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa ochepawo ndi akuda a ku America ndi ku Britain, osati a ku Dedza kapena ku Chipata. Zotsatira zake zimavulaza anthu enieni. Mu 2016 Arjun Manrai ndi anzake ku Harvard anasonyeza kuti odwala akuda ku America anauzidwa kuti ali ndi gene yolakwika yoyambitsa kukhuthala kwa mnofu wa mtima, koma kunali kusiyana wamba kumene akuda ambiri athanzi ali nako, kungoti poyerekeza anagwiritsa ntchito azungu okhaokha. Tangoganizani banja lonse kukhala mwamantha, ana kuletsedwa masewera, chifukwa choti panalibe woyerekeza naye. Kumbali inanso kuli kusiyana kwina mu SCN5A kotchedwa S1103Y kumene kanapezeka mu 2002 mwa akuda a ku America pafupifupi 13 pa 100 alionse koma mwa azungu kulibe kwenikweni, pakokha sikadwalitsa ambiri, koma kamakweza chiopsezo munthu akamwa mankhwala otalikitsa QT kapena potassium akatsika mthupi. Ndiye ganizirani kuti mankhwala ena amene timagwiritsa ntchito kwathu kuno, quinine, piperaquine, bedaquiline ndi moxifloxacin a TB yosamva mankhwala, onsewa amatalikitsa QT. Amene adzayankhe kuti Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Alomwe matupi awo amalandira bwanji mankhwalawa ndi munthu amene adzayeze DNA yawo, ndipo ine ndingakonde adzakhale mwana wakonkuno.

Ku Africa kuno alipo amene akuchita kale?

Alipo, makamaka ku South Africa. Ku Stellenbosch Paul Brink wakhala akutsatira mabanja a long QT amene onse ali ndi cholakwika chimodzi mu KCNQ1, ndipo atalondola mibadwo anapeza kuti onse anachokera kwa banja limodzi la mzaka za mma 1700. Chimene chinaphunzitsa dziko lonse pamenepa nchoti anthu a cholakwika chofanana ndendende ena amakomoka ali ana, ena amakalamba osadwalako, ndiye pali ma gene ena amene amakuza kapena kuchepetsa matendawa. Ku Stellenbosch komweko mabanja ena a magetsi ochedwa anathandiza kupeza gene ya TRPM4 mu 2009.

Ku Cape Town malemu Bongani Mayosi ndi anzake a ku Italy analengeza mu 2017 kuti gene ya CDH2 imayambitsa ARVC, matenda a mnofu wa mtima amene amapha achinyamata mwadzidzidzi, atatsatira banja limodzi kwa zaka zoposa 20. Liesl Zühlke wachita zambiri pa matenda a mtima a ana. Kulinso Sydney Brenner Institute ku Wits, malo a bioinformatics otchedwa SANBI ku University of the Western Cape, ndi pulogalamu ya H3Africa imene inathandizidwa ndi NIH ndi Wellcome nkuphunzitsa achinyamata ambiri a mmaiko athu.

Nanga ndili ku Malawi, pali chimene ndingachite?

Labu ya zebrafish kapena ya patch clamp mwina mudzaipeza kunja, koma chiyambi chilipo. Digiri mutha kuitenga ku KUHeS, ku UNIMA, ku MUST kapena ku Mzuni. Luso la kutulutsa DNA, PCR ndi sequencing ndi limodzimodzi kaya mukuyeza kachilombo kaya munthu, ndiye malo ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ngakhale amalimbana kwambiri ndi matenda opatsirana, ndi sukulu yabwino ya manja. Bungwe la kafukufuku la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe limafufuza BP, shuga ndi matenda ena osapatsirana.

Dziwaninso kuti kuchipatala kwathu matenda a mtima ofala mwa ana ndi achinyamata ndi rheumatic heart disease, oyamba ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa. Ameneyu si wakumtundu mwachindunji, koma funso loti bwanji mwana uyu mavavu a mtima aonongeka pamene mnzake wa nyumba yomweyo ali bwinobwino, nalonso likufufuzidwa mu DNA, ndipo ambiri alowera pamenepa.

Ndalama za sukulu zimachokera kuti?

Commonwealth imalipira masters ndi PhD ku Britain. Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi ndipo imafuna munthu amene wagwirako ntchito. Beit Trust ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Palinso DAAD ya ku Germany, Fulbright ya ku America, Mastercard Foundation ndi Wellcome. Ku America ma PhD ambiri a sayansi ya zaumoyo amalipira okha fizi nkumakupatsani ya mwezi ndi mwezi. Langizo langa, PhD ya mu labu musalipire nokha, chifukwa kupatula fizi mankhwala a mu labu ndi odula moti banja silingakwanitse, ndipo labu imene ilibe ndalama zokusungirani nthawi zambiri ilibenso zogulira zipangizo.

Ntchito yake imalipira? Ndikamaliza ndidzagwira kuti?

Simudzalemera nayo ngati dokotala wa mtima wa chipatala cha pulayiveti, izi tinene poyera. Postdoc amagwira pa kontilakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mkulu wa labu theka la nthawi yake limathera polemba mapempho a ndalama, ambiri nkukanidwa. Amene amafika pokhala ndi labu yawoyawo ndi ochepa.

Koma njira si imodzi. Ma labu oyeza DNA ya odwala amafuna anthu omasulira zotsatira. Makampani opanga mankhwala amayeza mankhwala atsopano pa kakhomo ka hERG, kamene kamapangidwa ndi KCNH2 ija, kuyambira pamene terfenadine ndi cisapride anachotsedwa pamsika wa ku America chifukwa chosokoneza kagundidwe ka mtima. Ndipo wodziwa bioinformatics sasowa kolowera.

Mukapeza gene yolakwika mbanja, mumawauza?

Izi zimakonzedwa kafukufuku asanayambe, ndipo ku Malawi simutenga magazi a munthu musanavomerezedwe ndi komiti yovomereza kafukufuku ngati COMREC kapena NHSRC. Pa matenda ambiri tatchulawa, kholo likakhala ndi gene yolakwika mwana aliyense ali ndi theka la mwayi woitenga, choncho zotsatira za munthu mmodzi ndi nkhani ya abale ake onse, amalume, azakhali, ana a achemwali. Muyenera kuganiza kuti akauzidwa apita kuti, ECG aipeza kuti, nanga akafunika kachipangizo kodzutsa mtima kamene kwathu nkovuta kukapeza mudzawauza chani. Palinso ngozi yoti apongozi ayamba kuloza kuti matenda anabwera ndi mbali yakuchikazi kapena yakuchimuna, ukwati nkugwedezeka, ndipo kuyeza DNA kumatha kuulula kuti bambo si bambo. Pena zotsatira zimabwera zoti kusiyana kwapezeka koma tanthauzo lake silikudziwika, zimene zimachitika kwambiri mwa anthu akuda pa chifukwa tafotokoza mu funso la azungu lija, ndipo pamenepo kuopseza banja ndi kulakwa kwakukulu.

Ndili chaka chachiwiri ku koleji, ndiyambire pati?

Musayambe ndi kusaka sikolashipu, yambani ndi luso limene mungaonetse. Phunzirani kuwerenga ECG, pa pepala lake kabokosi kakang'ono kamodzi ndi ma millisecond 40, werengani kuchokera poyambira Q mpaka pothera T, mukonze molingana ndi liwiro la mtima, ikapitirira 480 ndi yokayikitsa, ikadutsa 500 ndi yoopsa. Phunzirani kujambula mtundu wa banja mibadwo itatu, bokosi mwamuna, kozungulira mkazi, mzere wodutsa pakati womwalira, ndipo muzifunsa kuti anamwalira ali ndi zaka zingati, akuchita chani, masana kapena mtulo. Ikani R pa laputopu, tsegulani gnomAD, lembani KCNQ1 muone nokha mmene manambala a African akusiyanirana ndi a European.

Pulojekiti ya chaka chomaliza isankheni yoyandikira nkhaniyi ngakhale ikhale yaing'ono, monga kuyeza QT pa ma ECG a odwala TB mutalandira chilolezo. Polembera mkulu wa labu yakunja, werengani kaye pepala lake limodzi mpaka kumapeto, mutchule chithunzi chimene chakuvutani kapena chimene mukuona kuti chikanayesedwa mwa anthu a kuno, mulumikize CV ya tsamba limodzi, ndipo akapanda kuyankha pakatha masabata awiri lembaninso kamodzi kenako pitani kwa wina.